Nyamakazi ya m'mawondo: musadikire kuti ikukhazikeni pansi

Kodi agogo kwanu amavutika kudzuka pamphasa m'mawa chifukwa cha mawondo? Kapena ndinu nomwe amene bondo limabaya mukamatsetsereka phiri ndi mtolo wa nkhuni? Mwina imeneyo ndi nyamakazi imene kuchipatala amati osteoartrite kapena artrose. Si kulodzedwa ayi.

Kodi imayamba bwanji?

Mukamadya nkhuku mumaona kanthu koyera, koterera, kunsonga kwa fupa. Ifenso tili nako paliponse pamene mafupa akumana. Ntchito yake ndi kuteteza mafupa kuti asakhulane. Kakayamba kuperepeseka, munthu amamva ululu poyenda, bondo limauma ndipo nthawi zina limatupa. Kuumako kumachitika kwambiri m'mawa, koma kawirikawiri sikupitirira mphindi 30. Matendawa amagwiranso m'chiuno, msana ndi zala.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, OMS, likuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali ndi matendawa. Mwa odwala 100 alionse, 73 anali opitirira zaka 55 ndipo 60 anali amayi.

Ndani ali pachiopsezo?

1. Okalamba, makamaka amayi amene anasiya kusamba.
2. Amene makolo awo anadwalapo matendawa.
3. Onenepa kwambiri. Kilogalamu imodzi yoonjezera pathupi imalemetsa bondo ngati makilogalamu 4 poyenda.
4. Amene anavulalapo bondo, kaya pampira, panjinga kapena pangozi ya galimoto. Ululu ungathe kubwera patapita zaka zambiri.
5. Ogwira ntchito yolemetsa tsiku ndi tsiku: kusenza matumba a mbatata ya kachewere, kunyamula zidebe za madzi mtunda wautali, kugwada ndi kunjuta nthawi yaitali.

Zaka ndi mtundu wanu simungazisinthe. Koma zitatu zinazo mungathe kuchitapo kanthu.

Mungatani?

Chepetsani katundu. Thumba la makilogalamu 50 ligaweni pawiri kapena likwezeni panjinga. Mutu umodzi susenza denga. Ana ndi abambo athandize amayi kutunga madzi. Potola chinthu cholemera, chiyandikizeni kuthupi, osapotoza bondo.

Musangokhala. Ambiri akamva ululu amagona tsiku lonse, koma kutero kumafooketsa minofu ya ntchafu imene imachirikiza bondo. Yendani pang'onopang'ono pamalo athyathyathya kapena palasani njinga. Yesaninso izi: khalani pampando, wongolani mwendo umodzi, werengani mpaka 5, kenako utsitseni. Chitani ka 10 mwendo uliwonse, m'mawa ndi madzulo.

Ngati thupi lakula, chepetsani shuga, zakumwa zotsekemera, mowa ndi zokazinga, muchulutse ndiwo zamasamba ndi nyemba.

Ndodo si yamanyazi. Igwireni ndi dzanja la mbali imene sikupweteka. Kuthowa bondo ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kumachepetsanso kuuma.

Anyamata ampira, mukabinya bondo musathamangire kubwalo lisanapole.

Chenjerani ndi mankhwala

Palibe mankhwala othetseratu matendawa, koma ochepetsa ululu alipo. Musagule ibuprofeno kapena diclofenac pamsika n'kumamwa tsiku lililonse. Angathe kuyambitsa zilonda zam'mimba ndi kuononga impso, makamaka kwa okalamba ndi odwala matenda othamanga magazi. Funsani anamwino kaye. Kutema mphini nakonso sikubwezeretsa kanthu koterera kaja, ndipo lumo lingalowetse matenda ena m'thupi.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati bondo latupa mwadzidzidzi, likutentha, thupi lonse latentha, kapena mukulephera kuponda. Zizindikiro zimenezi zingathe kukhala za matenda ena ofuna chithandizo chamsanga.

Mukamaliza kuwerenga, pepalali musaliike pansi pa mphasa. Awerengereni agogo ndi anansi anu, ndipo mawa muyambe nawo limodzi kuwongola miyendo pakhonde.