PULOBESHONI NDI YOYESA NCHITO, SI YOYESA MIMBA

Mwezi wa Okutobala, pamene alimi amathamangila kugula mbeu ndi feteleza mvula isanagwe, sitolo ina ya m'tauni inalemba nchito mtsikana wa kumudzi kwathu. Anatsiliza Giledi 12, ali pabanja, ndipo masamu amawadziwa bwino. Anamuuza kuti ayambe ndi miyezi itatu yoyesedwa, imene ambili timaicha pulobeshoni, ndipo akacita bwino nchitoyo idzakhala yake.

Mwezi waciwili uli mkati, anazindikila kuti ali ndi pakati. Sanauze munthu kunchito. Anayamba kumanga citenje colimba pamimba, napitiliza kuthandiza anyamata kukweza matumba a feteleza a makilo 50 panjinga ndi pangolo za ogula. Kucipimo sanapite, cifukwa anaopa kupempha tsiku. Koma pakati sipabisika. Tsiku lina dzuwa litatentha anacita cizungulile nakhala pansi. Mkazi wa mwini sitolo anamuyang'ana kamodzi cabe nadziwa zonse. Kumapeto kwa mwezi anamupatsa malipilo ake namuuza kuti, "Lolemba usabwele. Pulobeshoni wafeluka." Panalibe kalata, ndipo sanamuuze cimene analakwa.

Amai ake anabwela naye kwa ine madzulo ena. "Aphunzitsi," anatelo, "kodi pali cimene tingacite? Anthu akuti wa pulobeshoni alibe mau, popeza nchito sinali yake."

Ndikhulupilila kuti ambili a inu owelenga mumaganiza cimodzimodzi. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akulilitsa ana athu aakazi m'masitolo, m'mafamu, m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu.

ZIMENE LAMULO LIMANENA

M'caka ca 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la za nchito, lochedwa Employment Code Act, nambala 3 la cakaco, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Employment Act. Lamuloli linalongosola za pulobeshoni momveka.

Pulobeshoni siyenela kupitilila miyezi itatu. Bwana angathe kuwonjezela, koma miyezi ina itatu cabe. M'nthawi imeneyi ayenela kuona mmene wanchito akugwilila nchito ndi kumuuza zimene wapeza. Ngati pambuyo poona wapeza kuti munthuyo sakukwanitsa, ndi pamene angamucotse, atamupatsa notisi ya maola osacepela 24. Ndipo miyezi ija ikatha bwana ali cete, osalemba kalikonse, lamulo limamuwelengela wanchitoyo kuti watsimikizidwa pa nchito. Mwambo wosunga munthu pa pulobeshoni caka conse suli m'lamulo.

Tsono mvetsani apa. Lamulo lomweli limaletsa tsankho pa nchito, ndipo pakati pa zifukwa zoletsedwa pali kukhala ndi pakati ndi kubeleka. Limaletsanso bwana kucotsa mkazi nchito, kumulanga, kapena kumucepetsela zimene anapangana, kaamba ka pakati kapena chuti ca ucembele. Silinena kuti citetezo cimeneci cimayamba munthu akatsiliza pulobeshoni. Notisi ya maola 24 ndi ya munthu amene walephela nchito, osati ya munthu amene waima.

Palinso mfundo ina imene ambili saidziwa. Nkhani ikafika kwa oweluza, amene ayenela kusonyeza kuti kucotsako kunali ndi cifukwa cabwino ndi bwana, osati wanchito. Kunena cabe kuti "anafeluka" sikukwanila. Anafeluka pa ciani? Ndani anamuyesa? Anamuuza liti?

CHUTI NDI MALIPILO NDI ZINTHU ZIWILI

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Pansi pa lamulo lakale, chuti ca ucembele cinali milungu 12, ndipo mkazi anayenela kugwila nchito zaka ziwili asanacipate. Zaka ziwili zija zinakhala m'mitu ya anthu, kotelo mpaka lelo ena amati amene sanakwanitse zaka ziwili alibe ufulu uliwonse.

Lamulo la 2019 limapatsa mkazi milungu 14 akaonetsa kalata ya kucipatala, ndipo milungu yosacepela 6 iyenela kukhala ya pambuyo pobeleka. Wobeleka mapasa amamuwonjezela milungu 4. Miyezi 24 ikalimo m'lamulo, koma tsopano ndi ya malipilo: amene wagwila nchito miyezi 24 mosalekeza kwa bwana mmodzi ndiye amalandila malipilo athunthu ali pa chuti. Motelo mtsikana amene wangoyamba nchito angapite pa chuti osalipidwa, pokhapo ngati pangano lake likunena zabwino koposa. Ici n'cowawa, ndipo tisanamizane. Koma chuti cosalipidwa n'cosiyana ndi kucotsedwa. Wa pa chuti amabwelela pamalo pake mwana akalimba, pamene wocotsedwa amayambanso kuyendayenda ndi makalata ofunsila nchito, khanda lili kumsana.

Lamulo limasamalanso thanzi la mai. Miyezi iwili yotsiliza asanabeleke sayenela kukakamizidwa kugwila ovataimu. A cipatala akalemba kuti nchito yakutiyakuti ingamuvulaze iye kapena mwana, bwana ayenela kumucotsa pa nchito imeneyo, ndipo ngati n'kotheka amupatse ina yopepuka popanda kumudulila malipilo. Akabwelela, kwa miyezi 6 kucokela tsiku lobeleka ali ndi ola limodzi pa tsiku loyamwitsa. Ndiponso mkazi aliyense wa pa nchito ali ndi tsiku limodzi pa mwezi, lija timati Mother's Day, limene amatenga popanda kupeleka cifukwa. Mtsikana uja akanadziwa izi, akanapita kucipimo.

KUBISA KUMAPWETEKA

Bungwe la za umoyo padziko lonse la WHO, kuyambila 2016, limalangiza kuti mai woyembekezela aonane ndi a zaumoyo kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba ukhale m'milungu 12 yoyambilila. Ndi kucipimo kumene amapima magazi, BP ndi kalombo ka HIV, napeleka mapilitsi owonjezela magazi ndi oteteza ku malungo. Miyezi itatu yoyamba ya pakati ikakumana ndi miyezi itatu ya pulobeshoni, mtsikana wamantha amasankha nchito nasiya cipimo.

Inu alimi mukudziwa nchito za kumunda: kufafaza mankhwala m'thonje ndi m'tomato, kunyamula matumba, kuima tsiku lonse posankha fodya. Mkazi wobisa pakati amagwila zonsezi ali cete. Ndipo pali ena, tinene zoona, amene amafika poganiza zocotsa pakati kuti asataye nchito. Bwana amene amacotsa woyembekezela mmodzi amaphunzitsa atsikana onse otsala kuti azibisa.

KWA INU OLEMBA ENA NCHITO

Ambili a ife sitili makampani akuluakulu. Wina ali ndi cigayo, wina kagolosale, wina famu ya anchito asanu. Ndikudziwa kuti wanchito mmodzi akasowa milungu 14, nchito imaima, ndipo kupeza womugwilila kumafuna ndalama. Dandaulo limeneli n'loona. Ndikudziwanso kuti pakati si cikopa ca ulesi kapena kuba. Woyembekezela amene amasowetsa ndalama m'kabati kapena kujomba popanda cifukwa angathe kufeluka pulobeshoni monga wina aliyense.

Cimene cikufunika ndi cilungamo. Tsiku loyamba muuzeni munthu nchito yake ndi zimene mudzayang'ana, ndipo zilembedwe. Mwezi ukatha khalani naye pansi, mumuuze pamene akucita bwino ndi pamene akulephela, nonse musaine. Mukamva kuti waima, dzifunseni funso limodzi: kodi dzulo, ndisanadziwe, ndinali kudandaula ndi nchito yake? Ngati yankho ndi ai, musayambe lelo kufunafuna zolakwa. Muikeni pa kaunta m'malo mwa kustoko, pa kulemba m'buku m'malo mwa kufafaza mankhwala. Konzani msanga amene adzamugwilila. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana wanu wamkazi nayenso tsiku lina adzaima pa khomo la bwana wina.

KWA INU ATSIKANA NDI AZIMAI

Pemphani kalata yolembedwa nchito, yoonetsa tsiku loyamba ndi kutalika kwa pulobeshoni. Sungani mapepala a malipilo ndi mauthenga a pafoni. Mukafuna kudziwitsa bwana za pakati, citani molemba, muike tsiku, muphatikize kalata ya kucipatala, ndipo kope lina likhale kunyumba. Mau a pakamwa amakanidwa. Akakucotsani, pemphani cifukwa cake molemba, ndipo musasaine pepala lonena kuti mwasiya mwekha ngati simunafune kusiya.

Pambuyo pake musacedwe. Pitani ku ofesi ya Leba, kumene amaitana mbali zonse ziwili kuti amve nkhani. Lamulo la 2019 limachula masiku 30 kucokela tsiku locotsedwa kwa amene afuna kukadandaula kukhoti. Wosowa ndalama za loya angapite ku Legal Aid Board, ndipo amene ali m'yunyoni auze atsogoleli ake tsiku lomwelo. Safunsa anadya phula.

Mtsikana uja ndinamufotokozela zonsezi pamodzi ndi amai ake. Anamvetsela, koma ku Leba anakana kupita. Mwini sitolo ndi amene amakongoza atate ake feteleza caka ndi caka, ndipo banja linaopa kuti likadandaula, munda udzagona. Sindinamuweluze. M'matauni athu aang'ono wokulakwila ndi yemweyo amene udzamupempha thandizo mawa, ndipo ndiye cifukwa cake nkhani zotele zimathela m'nyumba.

Anabeleka bwino mwana wamwamuna, ndipo tsopano amagulitsa zitumbuwa pamseu. Pa kaunta paja anaikapo mnyamata. Ndikapita kukagula mbeu ndimaona kuti masamu amamuvuta.