Neti ya malume inandisowetsa tulo

M'mawa wina mu December ndinatsikira kudoko kufupi ndi Chia kukagula ndiwo. Ndinapeza malume anga akukoka neti ya udzudzu, yomwe ija timalandira kuchipatala. M'beseni mwawo munali kasawala yekhayekha, tiana ta chambo tosafika ndi chala chomwe.

Ine ndine mlembi wa komiti yoyang'anira doko lathu, ija timangoti BVC. Komanso malumewa ndi amene anandilipirira fizi mpaka Fomu 4 ndi ndalama za nsomba. Foni inali m'manja. Kujambula n'kutumiza pa WhatsApp ya komiti inali ntchito ya mphindi imodzi. Ndinangopereka moni n'kubwerera.

Usiku umenewo ndinadzifunsa mafunso atatu, omwe mpaka pano amandithandiza ndikakhala pamphambano.

Loyamba: zotsatira zake zigwera ndani? Ndikawaneneza, neti ilandidwa, chindapusa chibwera, ana awo agona ndi njala. Ndikakhala chete, nyanja ipitirira kuguga. Chambo chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, ndipo n'chifukwa chake kuyambira pa 1 November boma limaletsa makoka ena kuti chiswane. Neti ya udzudzu sisiya kanthu. Ndinakumbukiranso kuti neti ikakhala m'madzi ndiye kuti ana akugona pamtetete, kudikira malungo.

Lachiwiri: bwanji aliyense atachita ngati ine? Funsoli ankalikonda katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, Immanuel Kant. Aliyense wa m'komiti atabisa m'bale wake, lamulo la za usodzi la 1997 lingotsala papepala. Miyezi iwiri m'mbuyomo ndinali nditalemba ndekha dzina la mnyamata wina yemwe tinamulanda neti yotereyi. Kusiyana kwake n'koti iye analibe m'bale m'komiti.

Lachitatu: ndikufuna kukhala munthu wotani? Apa ndi pamene umunthu unandiyankhula. Kujambula malume mobisa ngati mbava si umunthu, koma kutseka maso nakonso si chikondi.

Kutacha ndinatengana ndi mayi, omwe ndi mlongo wawo, kupita kwawo. Ndinakhala pansi n'kunena kuti, "Malume, ndinakuonani dzulo. Sindinabwere kudzakuchititsani manyazi, koma ndikakupezaninso sindibisa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana iwe, sukulu ija ndinakutumiza kuti udzandiweruze?"

Mawuwo anandibaya. Mayi ndi amene anawakumbutsa za chilumba cha Mbenji ku Salima, komwe mafumu akhala akutseka usodzi chaka ndi chaka kwa zaka zambiri, asodzi n'kumapindula akatsegulira. Tinagwirizana kuti nditenge ngongole kubanki m'khonde, tiwagulire ukonde wa maso ovomerezeka, iwo azibweza pang'onopang'ono. Ineyo ndinakauza wapampando wa komiti zonse, kuphatikizapo kuti tsiku loyamba ndinangokhala chete. Malume anapereka neti ija okha.

Sindinganame kuti zonse zinatha bwino. Ngongole ija sinathe, ndipo malume sandiyimbiranso foni ngati kale. Mwina inu mukanachita mosiyana. Koma tsiku lina mukadzapeza ndalama zolowa molakwika pa Mpamba kapena Airtel Money, kapena mnzanu akadzakupemphani kuti mumunamire kuntchito, musathamangire kudina foni. Yambani mwadzifunsa mafunso atatuwa, kenako mukakumane ndi munthuyo maso ndi maso.