Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale ku fiyeta

Ife a ku Dedza chifunga timachidziwa. Chikatsika paphiri m'miyezi ya June ndi July, dalaivala wa pa M1 amayenda ngati akufufuza njira ndi ndodo.

Chifunga chotere ndicho chinakuta bwalo la ndege pachilumba cha Tenerife pa 27 March 1977, pamene ndege ziwiri, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana n'kupha anthu 583. Koma mlandu sunali wa chifunga chokha. Injiniya wa m'ndege ya KLM anafunsa ngati ndege inayo yachoka panjira. Kaputeni, munthu wolemekezeka pakampanipo, anayankha motsimikiza kuti yachoka, ndipo wofunsayo sanalimbikire.

Ngozi zotere zinasintha maphunziro a oyendetsa ndege. Lero wamng'ono amaphunzitsidwa kulankhula akaona cholakwika, wamkulu amaphunzitsidwa kumvera, ndipo ndege sinyamuka asanawerengerane mokweza mndandanda wa zoyenera kuona.

Nzeru imeneyi inafalikira m'zipatala kuyambira mu 2008, pamene bungwe la WHO linatulutsa mndandanda wa mfundo 19 za opaleshoni, motsogozedwa ndi dokotala Atul Gawande. Gulu lonse lochita opaleshoni limaima katatu. Wodwala asanagonetsedwe, amatsimikiza dzina lake, malo oti ang'ambe, komanso ngati angataye magazi ambiri. Mpeni usanakhudze khungu, aliyense amatchula dzina ndi ntchito yake. Wodwala asanatuluke, namwino amawerenga zipangizo, singano ndi thonje kuti china chisatsalire m'mimba.

Atayesa mndandandawu m'zipatala 8, kuphatikizapo cha St Francis ku Ifakara m'dziko la Tanzania, imfa zinatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8 mwa odwala 1,000 aliwonse.

Phunziroli n'lathu. Pazipatala za maboma ngati cha Dedza, maopaleshoni ambiri, makamaka a amayi oyembekezera, amachita ndi ma clinical officer, nthawi zina pakati pa usiku, ogwira ntchito ali ochepa komanso otopa. Chikhalidwe chathu chimatiphunzitsa kusadula mawu akuluakulu, ndipo ulemu umenewu ndi wabwino. Koma namwino akaona kuti thonje limodzi lasowa, kukhala chete si ulemu. Mayi wochokera ku Linthipe kapena ku Bembeke ndiye adzalipire ndi moyo wake.

Mndandandawu sufuna magetsi kapena makina odula. Umafuna mphindi zochepa, ndiponso wamkulu wa fiyeta amene akatsinidwa khutu ndi wamng'ono, amayamba waimika mpeni n'kumvetsera.