Ubuntu Watsopano Akatuluka, Seva Zapafupi Zimatsalira M'mbuyo

Lachinayi pa 25 Epulo 2024, kampani ya Canonical idatulutsa Ubuntu 24.04. Tsiku lotere anthu padziko lonse amakhamukira nthawi imodzi kukadawuniloda fayilo ya magigabaiti pafupifupi 6. Seva za Canonical sizingasenze zokha mtolo wonsewo, choncho ntchito imagawidwa kwa ma mirror, seva za mayunivesite, makampani a intaneti ndi mabungwe odzipereka zomwe zimakopera za kulikulu n'kumagawira anthu a m'chigawo chawo. Ku South Africa kuli ya TENET, ku Kenya ya KENET. Kwa munthu wa kuno, seva yapafupi imafupikitsa ulendo wa data kusiyana n'kukaitenga ku Ulaya.

Koma tsiku lomwe mirror ikufunika kwambiri ndi lomwenso imafooka. Iyo ikukoka katundu watsopano kulikulu, kwinaku anthu akuiphangira. Katswiri wa mu labu ya makompyuta pasukulu alemba apt update ndi apt upgrade, adikira, kenako pasikirini pabwera mawu akuti Hash Sum mismatch, kapena nambala 404 pamzere uliwonse. Ayamba kukayikira rauta, kapena bandulo. Vuto lili kutali: mndandanda wa mapulogalamu wafika pa mirror, koma mapulogalamuwo akadali m'njira. Zili ngati wagolosale wapachika mitengo ya katundu amene lole sinatsitse.

N'chifukwa chake oyendetsa ma mirror amalangizidwa kukopera kawiri: mapaketi poyamba, mndandanda pambuyo. Kuyambira pa Ubuntu 16.04 mu 2016, njira ya by-hash idachepetsa kwambiri vuto la Hash Sum mismatch. Koma seva yomwe disiki yadzaza, kapena magetsi azima pakati pa kukopera, palibe njira yanzeru yoipulumutsa.

Chaka cha 2024 chidawonjezera chake. Kumapeto kwa Malichi, katswiri wa mapulogalamu Andres Freund adatulukira khomo lachinsinsi lomwe lidabisidwa m'pulogalamu ya xz. Canonical idachedwetsa beta, mtundu woyesera wa Ubuntu 24.04, ndi sabata imodzi n'kumanganso mapaketi ambirimbiri, ndipo zonsezo ma mirror adayenera kuzikoka masabata ochepa tsiku lalikulu lisanafike.

Ine ndimawamvera chisoni anthu oyendetsa seva zimenezi. Ambiri salipidwa ndi Canonical, ndipo anthu amawakumbuka pokhapokha zinthu zikasokonekera. Komabe mirror yotsalira masiku angapo mwakachetechete ndi yoopsa kuposa yozimiratu, chifukwa kompyuta imauza mwini wake kuti zonse zili bwino. Ndiye chifukwa chake Ubuntu amatenga zigamba zachitetezo mwachindunji ku security.ubuntu.com. Tsamba la Launchpad limasonyeza mirror iliyonse ngati ili pamzere kapena yatsalira ndi tsiku kapena sabata, ndipo woyang'anira labu aliyense aziliona asanayambe kukonza makompyuta makumi atatu. Palibenso chifukwa chothamangira tsiku loyamba: ogwiritsa ntchito Ubuntu 22.04 sadaitanidwe n'komwe kusamukira ku 24.04 mpaka 24.04.1 itatuluka kumapeto kwa Ogasiti.