Wapolisi abisa gulovu, mlandu ugwera wina

Anyamata oonetsa mavidiyo kwa Kasisi ku Chikwawa angakuuzeni kuti filimu yopanda makofi ndi zipolopolo siibweza ndalama ya mafuta a jenereta. Komatu ilipo ina yakalekale, yopanda ndi mitundu yomwe, imene anthu a kumeneko angaimve kuposa azungu amene anaipanga. Dzina lake Blackmail, ya Alfred Hitchcock, inatuluka ku Britain mu 1929.

Nkhani yake ndi ya pa golosale. Alice, mwana wa mwini sitolo ku London, akangana ndi chibwenzi chake Frank, wapolisi wa Scotland Yard, nkutsatira mwamuna wina wojambula zithunzi. Mkuluyo afuna kumugwiririra. Alice atola mpeni wodulira buledi, basi munthu uja kwatha.

Apolisi atafika, Frank apeza gulovu ya Alice pamalopo. Eti mmalo mokaipereka kwa mabwana ake, angoiponya m'thumba! Tsoka ilo, gulovu inzake ili ndi Tracy, kabwerebwere wa kundende. Ameneyu alowa m'sitolo muja ngati kwawo, asankha ndudu yodula, Frank alipira, kenaka akhalira chakudya cha m'mawa. Inu a mumsika mukumudziwa kasitomala wotere: amatenga katundu osafunsa mtengo chifukwa akusunga kanthu kako.

Koma wapolisi ndi wapolisi. Mlandu autembenuzira kwa Tracy yemweyo, amuthamangitsa mpaka agwa kuchokera pa denga la magalasi la British Museum nkufa. Fayelo itsekedwa. Alice afuna kuulula, mpata osaupeza.

Za fayelo yotsekedwa ndi bodza, a ku Chikwawa safunika kuwaphunzitsa. Mu May 1983 phungu wawo David Chiwanga anafa limodzi ndi nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pa msewu wa Thambani ku Mwanza. Boma linati ndi ngozi ya galimoto. Zaka 11 anthu ankangonong'onezana kuseri. Bungwe lofufuza la Jaji Mtegha, lomwe linakhazikitsidwa mu 1994, linapeza kuti anaphedwa ndi apolisi, galimotoyo nkuikankhira kuphompho.

Alice ndiye timumvere chisoni, ankadziteteza. A ku Mwanza aja sankaopsezedwa ndi aliyense. Mlandu unalowa m'khoti mu 1995, ndipo mu December chaka chomwecho Dr Kamuzu Banda, a John Tembo ndi anzawo anapezeka osalakwa.