Nsomba za m'dambo la Elephant Marsh zimadalira kusefukira kwa Shire

Dambo la Elephant Marsh, lomwe lili m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, lidalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2017 kudzera mu mgwirizano wa Ramsar. Ndi malo achiwiri m'dziko muno kulandira ulemuwu, kutsatira nyanja ya Chilwa, ndipo kukula kwake ndi mahekitala oposa 61,000.

Dzinali adapereka ndi David Livingstone, yemwe adaonapo njovu zankhaninkhani mu 1859. Njovuzo zidatha kalekale. Chuma chomwe chatsala ndi nsomba, makamaka mlamba ndi mphende, zomwe mabanja ambiri a m'chigwachi amapezera ndiwo ndi ndalama.

Moyo wa nsombazi wagona pa kukwera ndi kutsika kwa madzi. Dzinja likafika, Shire ndi Ruo amadzaza ndipo madzi amafalikira m'maudzu ndi m'mabango. Nsomba zimatsatira madziwo kukaikira mazira m'malo osaya, momwe tiana take timapeza chakudya komanso pobisala. Madzi akayamba kuphwa, nsomba zomwe zakula zimabwerera mumtsinje ndi m'maiwe, momwe asodzi amakaponya maukonde. Choncho chaka chomwe madzi sadafalikire mokwanira, ngakhale msodzi waluso amabwerako ndi bwato lopepuka.

Komabe si kusefukira kulikonse komwe kumapindulitsa. Madzi osefukira a mu 2015, namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 adakokolola mchenga ndi matope kuchokera m'mapiri momwe mitengo idatha. Mchengawo ukakwirira maiwe, nsomba zimasowa kothawira m'chilimwe. Apa zikuonekeratu kuti wootcha makala kumtunda amakhudza m'phika wa msodzi wa ku Chiromo, ngakhale awiriwa sadziwana.

Mfundoyi ndi yofunika kwa adindo oyendetsa madzi. Kutsegula kapena kutseka zipata za Kamuzu Barrage ku Liwonde, kupatutsa madzi othirira nzimbe ku Nchalo, ndi ngalande ya Shire Valley Transformation Programme yoyambira pa Kapichira, zonsezi zili ndi gawo pa kuchuluka kwa madzi ofika m'damboli. Powerengera madzi a magetsi ndi ulimi, gawo la dambo nalo liyenera kulembedwa.

Nkhaniyi sithera m'malire a dziko lino. Shire amakathira mu Zambezi ku Mozambique, ndipo madzi ndi matope a mitsinjeyi amadyetsa nkhalango za m'matsiriro a Zambezi, momwe mumakulira nsomba ndi maprawn omwe amakagwidwa m'nyanja ya mchere ya Indian.

Kumudzi, lamulo la za usodzi la 1997 limapatsa anthu mwayi wotenga nawo mbali posamala nsomba kudzera m'makomiti a m'madooko. Vuto lomwe makomitiwa amalimbana nalo kawirikawiri ndi kusodza ndi masikito, omwe amakokera kumtunda tinsomba tomwe sitidayambe n'kuswana komwe.