Chijasi cha Nthenga Cholimbana ndi Chisanu cha ku Canada

Mumzinda wa Winnipeg, ku Canada, kuzizira kwa mu Januwale kumatha kufika madigiri 30 pansi pa ziro. Mayi wokhala kumeneko juzi yokha siingamuthandize. Amafunika chijasi choikamo nthenga zofewa za pachifuwa cha tsekwe kapena bakha, zimene zimasunga mpweya wofunda.

Pogula, ayang'ane pachijasicho nambala ya fill power, yosonyeza kufufuma kwa nthengazo. Ikakhala 700 kapena 800, nthengazo n'zapamwamba, zopepuka koma zofunda kwambiri. Nambalayi payokha siikwanira, chifukwa chijasi chokhala ndi nthenga zochepa chimalowabe mphepo.

Nthenga zikanyowa zimaphwa n'kusiya kufunditsa, choncho nsalu yakunja ikhale yosalowa madzi. Chijasicho chifike m'mawondo, chikhale ndi chipewa chake, ndipo chisathine, kuti juzi ikwane m'kati.